Scott wa ku Blantyre: Mlendo Amene Anasanduka Gogo wa Amisiri a Njerwa

Mu komboni ya Chazanga, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, kungopatuka pang'ono pa mseu waukulu wopita ku Kabwe, muli nkhalamba ina imene inagwira nchito yomanga nyumba kuyambira pa unyamata wake kufikira pamene msana unakana. Masiku ano mkuluyu sakweranso pa makwerero. Amakhala pa mpando m'tsinde mwa mtengo wa mango nayang'ana ena alikumanga, ndipo anthu a m'deralo amadziwa kuti maso ake saphonya khoma lopendeka ngakhale liri patali.

Tsiku lina m'mwezi wa October, mdzukulu wake, mnyamata amene anaphunzira zomangamanga ku sukulu ya nchito zamanja ndipo ali naco cikalata cake, anali kumanga cipinda pambali pa nyumba ya agogo akewo pokonzekera kulowetsa mkazi. Ndalama zinali zocepa, matumba a simenti anali owerengeka, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo. Popeza zitsulo zoika pamwamba pa khomo zinali zodula, mnyamatayo anaganiza zomanga khomo la njerwa lokhota ngati uta, limene limadzicirikiza lokha popanda citsulo. Anatenga fosholo kuti asakanize daka, koma mau anacokera pansi pa mango paja.

"Yamba waleka daka, mdzukulu. Yala njerwa zako pansi zouma, monga momwe zidzakhalire pamwambapo. Zikagwirizana pansi, pamenepo usakanize."

"Agogo, ndayesa kale ndi tepi, ndipo ndalemba zonse pa pepala. Mvula iri pafupi."

"Pepala silisenza khoma. Atate anga anandiletsa monga ndikuletsera iwe lero, iwonso analetsedwa ndi atate awo, ndipo atate awowo anaziona ndi maso kwa Scott."

Dzina limeneli silacilendo pa khomo lija. Ana ndi adzukulu akula alikulimva, ndipo nkhalambayo imamchula mzunguyo kuti ndi gogo wa nchito yawo, ngakhale kuti panalibe cibale ca magazi pakati pa iye ndi iwo, ndiponso iye sanapondepo phazi ku Lusaka. Nkoyenera tsono kufotokoza kuti munthuyu anali yani, ndi cimene cinacititsa kuti lamulo lake la njerwa zouma lifike ku Chazanga patapita zaka zoposa zana limodzi.

MLENDO PA MUDZI WA MANYAZI

David Clement Scott anabadwa ku Scotland m'caka ca 1853, ndipo anaphunzira pa Yunivesite ya Edinburgh, kumene anatsiriza maphunziro a ubusa. Za kulemba mapulani a nyumba sanaphunzirepo, ngakhale kugwira mpeni womangira. Mpingo wa Church of Scotland unamtuma ku Blantyre m'caka ca 1881, ndipo unamtuma kukakonza zinthu zimene anzake anaononga.

Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa m'caka ca 1876 pa malo amene Henry Henderson anasankha m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo inapatsidwa dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. M'zaka zoyambazo azungu a pa mishoni anadziyesa okha boma. Anali kuweruza milandu ndi kukwapula anthu ndi zikoti. Munthu wina anafa nazo zikotizo, ndipo wina anaomberedwa ndi mfuti atamuweruza kuti anapha munthu. Mbiri yoipayi inafika ku Britain m'caka ca 1880 kudzera m'kabuku kamene analemba mlendo wina dzina lake Andrew Chirnside. Mpingo unacita manyazi, nucotsa mtsogoleri wa mishoniyo, Mbusa Duff Macdonald, pamodzi ndi ena.

Pa mudzi wotere ndi pamene Scott anafikira ndi mkazi wake Isabella. Iye anasankha njira ina. Anaphunzira cinenero ca anthu kufikira anatha kutsutsana ndi akuluakulu pa bwalo, ndipo mikangano ya pakati pa mishoni ndi midzi yozungulira anali kuitengera ku mlandu, monga mwa mwambo wa eni dziko, kumene mbali zonse zimalankhula ndipo mafumu amamva. M'caka ca 1884 anayenda ulendo wa pansi ndi mkazi wake kukaonana ndi Chikuse, mfumu ya Angoni. Angoniwo atatsika kudzathira nkhondo m'mapiri a Shire caka comweco, mishoni sanaikhudze, ndipo anthu ambiri anapulumukira pamenepo. Banja la ku Chazanga limasimba kuti gogo wawo, atate a atate a nkhalamba ija, anafika pa mishoni masiku amenewo ali kamwana kogwira nsalu ya amake, ndipo sanabwererenso kumudzi kwawo.

NYUMBA YOPANDA PULANI

M'caka ca 1888 Scott anayamba nchito imene dzina lake likumbukiridwa nayo koposa, ndiyo kumanga chalichi ca St Michael and All Angels. Ambiri akanayembekeza kuti m'busa wosadziwa zomanga adzaimika kanyumba ka makona anai ndi kufolera udzu. Iye anafuna nyumba ya nsanja ziwiri kutsogolo, ya makomo ndi mazenera okhota, ndi denga lozungulira pakati ngati mphika wovundikira. Katswiri wolemba mapulani kunalibe, sitima ya pamtunda kunalibe, ndipo katundu aliyense wocokera kunyanja anali kukwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, kenaka ndi kusenzedwa pamutu kukwera mapiri. Cotero zipangizo zinayenera kucokera pomwepo. Dothi linakumbidwa pafupi, njerwa zinaumbidwa pomwepo, ndipo zinaochedwa m'mauvuni a nkhuni.

Amene anaumba, kuocha, kusenza ndi kumanga anali anthu a m'dzikomo, amene ambiri a iwo anali asanaonepo nyumba ya njerwa yotalika motero. Pa mishoni panali amisiri ena a ku Scotland, monga kalipentala John McIlwain, amene anaphunzitsa anyamata kupala ndi kulumikiza matabwa, koma manja ocuruka anali a eni dziko. Zikombole zinasemedwa m'matabwa, ndipo akatswiri amene anawerenga pambuyo pake amati m'nyumbamo muli mitundu 81 ya njerwa: zina zowongoka, zina zokhota, zina zosongoka, zina zokongoletsa. Kutalika kwa chalichico ndi mapazi 106, m'lifupi mwake mapazi 30, ndipo kucokera pansi kufika pa msonga ya denga mapazi 37.

Codabwitsa ndi cakuti Scott sanayambe walemba pulani yonse ya nyumbayo pa pepala. Cigawo ciri conse cisanamangidwe, njerwa zake zinali kusanjidwa zouma, zopanda comatira, kuti aone ngati zigwirizana ndiponso ngati zidzasenza kulemera kwa zimene zidzakhala pamwamba pake. Zikakana, anali kuzipasula nayesanso, kapena kusemetsa cikombole cina. Zikalola, pamenepo ndipo zinamangidwa.

Njira imeneyi inali ndi phindu lina limene mwina Scott mwini sanaliganizire poyamba. Pulani ya pa pepala imawerengedwa ndi munthu mmodzi wophunzira, ndipo ena onse amangomvera. Koma njerwa zoyalidwa pansi zimaonedwa ndi aliyense, wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa yemwe. Kamnyamata kotunga madzi kangathe kuona kuti apa patsala mpata, mkulu woumba angathe kunena kuti njerwa iyi ifunika kucepa mbali imodzi. Motero bwalo lomangira linasanduka sukulu. Nkhalamba ya ku Chazanga imati gogo wake anayamba ndi kuponda dothi, kenaka kusenza njerwa, ndipo podzafika caka cacitatu anali kuloledwa kuyala nawo njerwa zouma. Anaona mzungu wamkulu wa pa mishoni atagwada m'fumbi, alikupasula cimene iye mwini anasanja, osacita manyazi kuti walakwa pamaso pa anchito ake. Ici ndico cimene gogoyo sanaiwale moyo wake wonse.

Nyumbayo inakwera pakati pa maliro. Kumapeto kwa caka ca 1890 anamwalira Mbusa Robert Cleland. Kuciyambi kwa 1891 nthenda yotseka pakhosi, imene madokotala amati diphtheria, inalowa m'banja la Henderson, nipha mwana wawo ndi amake a mwanayo, amene anali mbale wa mkazi wa Scott. Dokotala John Bowie, mlongo wa amai awiriwa, anayesa kupulumutsa mwanayo poyamwa ndi pakamwa pake zimene zinatseka pakhosi, natenga nthendayo, namwaliranso. Henderson, atatsala yekha, anauyamba ulendo wobwerera kwawo, koma anafera pa njira, ku Quelimane. Scott anaika alamu ake m'manda, nabwerera ku njerwa zake. Chalichi cinapatulidwa pa 10 May 1891, ndipo Alexander Hetherwick, amene anagwira naye nchito, anacichula kuti ndico chalichi cokhalitsa coyamba kumangidwa pakati pa mtsinje wa Zambezi ndi wa Nile.

MAU, ADIKONI NDI BOMA

Pamene makoma anali kukwera masana, usiku Scott anali ndi nchito ina. Anali kusonkhanitsa mau a cinenero ca Amang'anja, kufunsa akuluakulu matanthauzo ake, miyambi yake, ndi miyambo imene mauwo amanyamula. M'caka ca 1892 linasindikizidwa buku lake lalikulu la mau, A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Hetherwick analikonzanso, ndipo linaturuka kaciwiri m'caka ca 1929 ndi dzina lakuti Dictionary of the Nyanja Language. Aphunzitsi, alembi ndi omasulira a Cinyanja kuno ku Zambia ndi ku Malawi anatsamira pa buku limeneli zaka zambiri. Panthawi imene azungu ambiri anali kunena kuti zinenero za mu Africa nzosauka, iye anali kuphunzitsa kuti cinenero ici cingathe kunyamula nzeru iri yonse yakuya.

Cikhulupiriro comweco anacionetsa pa utsogoleri wa mpingo. M'caka ca 1894 anadzoza adikoni asanu ndi awiri a mu Africa, nawapatsa mphamvu zenizeni zoweruza nkhani za mpingo ndi kuyang'anira nchito m'midzi. Pakati pawo panali Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzakhala m'busa m'caka ca 1911. Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku ndi wojambula zithunzi. John Macrae Chipuliko. Ndi John Gray Kufa, amene anadziwa nchito ya cipatala, ndipo anadzaphedwa ndi boma la atsamunda m'caka ca 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe. M'magazini ya mishoni yochedwa Life and Work, Scott analemba poyera kuti Africa ndi ya anthu a mu Africa, ndi kuti imeneyi ndiyo mfundo imene mishoni inatsata.

Mau otere sanakondweretse onse. M'mwezi womwe uja wa May 1891, pamene chalichi cinapatulidwa, Britain analengeza kuti dzikolo liri pansi pa citetezo cake, ndipo Harry Johnston anakhala bwanamkubwa. Ndalama zina zoyendetsera boma lake zinali kucokera ku kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Scott ndi Hetherwick anatsutsa msonkho wolemera, anatsutsa kupatsa azungu minda yaikulu ya eni dziko, anatsutsa kutentha midzi polanga mafumu, ndipo koposa zonse anakana kuti dzikolo liperekedwe m'manja mwa kampaniyo. Anthu a kuno ku Zambia angathe kumvetsa bwino cimene iye anali kuopa, pakuti kampani yomweyo ndiyo inathira nkhondo Angoni a Mpezeni m'caka ca 1898, kupha Nsingo ndi kulanda ng'ombe zambirimbiri, ndipo inalamulira dziko lino kufikira m'caka ca 1924.

NYUMBA YAKE YA IYE MWINI

Amene anamanga nyumba ya Mulungu yolimba motero, nyumba yake ya iye mwini inapasuka msanga. M'caka ca 1895 anataya mng'ono wake, Dokotala William Affleck Scott, ndipo caka comweco anatayanso mkazi wake Isabella. Thanzi lake linafooka. Azungu a minda pamodzi ndi ena a mu mpingo wake womwe anamnenera kwawo kuti amalamulira yekha, kuti mapemphero ake afanana ndi a mipingo ina, ndiponso kuti wakweza anthu akuda mopitirira. M'caka ca 1897 mpingo unatuma anthu kudzafufuza. Ofufuzawo sanampeze ndi mlandu waukulu, koma mtima unali utasweka kale, ndipo m'caka ca 1898 anacoka ku Blantyre osabwereranso. Hetherwick analowa m'malo mwake.

M'caka ca 1901 anatumidwa ku Kikuyu m'dziko la Kenya. Pamenepa mbiri yake iri ndi banga limene wokumbukira moona sayenera kubisa. Munthu yemwe uja anatsutsa kulanda minda ku Blantyre anatengera mishoni yake malo aakulu m'dziko la Akikuyu, poganiza kuti munda udzadyetsa mishoni ndi kuphunzitsa anthu nchito. Mundawo sunapindule monga anayembekezera, ndipo nkhani ya malo ndiyo inadzakhala cironda cacikulu ca Akikuyu m'zaka za pambuyo. Mkazi wake waciwiri, Edith, anamwaliranso komweko. Scott anamwalira ku Kikuyu m'caka ca 1907, ali ndi zaka 54. Patangopita zaka ziwiri, pa sukulu ya mishoni yomweyo panafika kamnyamata kamene dziko linadzakadziwa ndi dzina lakuti Jomo Kenyatta.

Kwa nthawi yaitali mbiri ya Scott inakhala ngati yaphimbika ndi ya amishoni ena amene anakhalitsa. M'caka ca 2022 Harri Englund, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Cambridge, anaturutsa buku lochedwa Visions for Racial Equality, lofotokoza moyo wake ndi nkhondo imene anamenya yofuna cilungamo pakati pa mitundu. Koma m'mabanja a amisiri, dzina lake linayenda njira ina, yosadzera m'mabuku.

KUCOKERA KU BLANTYRE KUFIKA KU CHAZANGA

Amisiri, makalaliki ndi aphunzitsi ophunzira pa mishoni za ku Nyasaland anabalalika kukafuna nchito ku Southern Rhodesia, ku Joni, ku mgodi wa Broken Hill umene tsopano ndi Kabwe, ndi ku migodi ya mkuwa. Atate a nkhalamba ya ku Chazanga anali mmodzi wa iwo. Anaphunzira kumanga kwa atate awo, ndipo atamva kuti boma la Northern Rhodesia lirikumanga likulu latsopano, anadzera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, nafika ku Lusaka ndi mpeni womangira, cingwe ndi cikombole m'thumba. Likulu linasamuka kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, ndipo manja onga awo ndiwo anaimika maofesi ndi nyumba za akuluakulu a boma.

Koma omangawo sanawerengedwe ngati eni mzinda. Lamulo la masiku amenewo linayesa munthu wakuda mlendo m'tauni, wobwera kudzagwira nchito ndi kubwerera kumudzi ikatha, ndipo nyumba inali kupatsidwa pamodzi ndi nchito ndi kulandidwa pamodzi nayo. Ambiri anakhala m'misasa pa malo a makontilakita ndi pa mafamu a azungu, ndipo maina a makomboni monga John Laing ndi John Howard akali kukumbutsa za masiku aja. Munthu amene masana anali kumanga nyumba ya njerwa zoocha ndi malata, usiku anali kugona m'kanyumba ka udzu. Nkhalambayo inabadwira m'kanyumba kotere, ndipo nchito yake yoyamba inali yosakaniza daka pambali pa atate ake.

Ufulu utabwera m'caka ca 1964, anthu anakhamukira ku Lusaka, ndipo nyumba za kanselo sizinakwane. Anthu anadzimangira okha. M'caka ca 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena kuti akonzedwe m'malo mogwetsedwa, lopatsa okhalamo cilolezo ca zaka 30, ndipo ndi cithandizo ca World Bank mipopi ya madzi ndi miseu zinafika ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Mzinda unapitirira kukula kulowera kumpoto, ndipo nkhalambayo, panthawiyo iri bambo wa ana, inapeza malo ku Chazanga nimanga nyumba imene ikhalamo kufikira lero. Nyumba zambiri za m'makomboni a Lusaka zinamangidwa motere: popanda katswiri wa mapulani, cipinda cimodzi caka cino, cina ndalama zikapezeka, ndi nzeru za mmisiri wa pafupi.

Pamenepa ndi pamene lamulo la njerwa zouma liri ndi kulemera kwake. Wolemera akalakwitsa khoma amagwetsa nagula simenti ina. Wosauka alibe thumba laciwiri. Khoma lomangidwa mofulumira, lopendeka kapena lopanda maziko okwanira, limabisa colakwa cake m'cilimwe, koma mvula ya January ndi February imaciulula, ndipo anthu a m'makomboni amadziwa kulira kumene kumatsata khoma likagwera ana ali m'tulo. Nkhalambayo imanena monyadira kuti pa nyumba zonse zimene inamanga ku Chazanga, ku Kabanana ndi ku Mandevu, palibe imene inagwetsa khoma pa munthu, ndipo imati ulemu wake upite kwa atate ake, kwa gogo wake, ndi kwa mlendo uja. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

DZINA LIMENE SILINALEMBEDWE

Kamodzi kokha m'moyo wake mkuluyu anakaciona chalichico. Anapita ku maliro a mbale wake ku Malawi, kudzera ku Chipata, pa cipata ca Mwami, ku Mchinji ndi ku Lilongwe, ndipo maliro atatha anapempha kuti amperekeze ku mishoni. Anapeza nyumbayo iri ciriri, iri m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP, ndipo boma la Malawi likuisunga ngati cuma ca dziko. Anaizungulira kawiri. Anaona kuti nsanja ziwirizo sizifanana, ndipo anaseka yekha, pozindikira kuti awa ndi mamangidwe a anthu amene anali kuganiza alikumanga. Anayendetsa dzanja pa njerwa zokhota za pa khomo, nayeza ndi cala mipata ya pakati pake, monga mmisiri acitira ndi nchito ya mnzake.

M'kati anawerenga maina a amishoni pa zikumbutso. Dzina la gogo wake sanalipeze. Ici cinamuwawa, ndipo cikali kumuwawa. Iye amati mbiri ikanena kuti Scott anamanga chalichi, imanena zoona koma zosakwanira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene anaponda dothi, amene anagona pa uvuni usiku kusonkhezera moto, amai amene anatunga madzi, amene anasenza njerwa kukwera nazo pa nsanja, onsewo anamanga. Komabe sakwiyira Scott. Amati mwa azungu a nthawi imeneyo, iyeyu ndiye anaona kuti manja akuda angathe, nawapatsa nchito yovuta m'malo mwa yonyozeka, ndipo umboni wake ukali ciimire, aliyense angathe kuugwira ndi dzanja. Cifukwa cake amamucha gogo. Tate ndiye amene amakusiyira cocita, ndipo gogo ndiye amene anasiyira tate wako. Koma pochula dzina la Scott kwa adzukulu, nkhalambayo siilephera kuchulanso la gogo wake weniweni, kuti limene silinalembedwe pa khoma lisungike pakamwa.

Tsiku lija la October, mnyamata uja anaika fosholo pansi, ngakhale kuti nkhope yake inaonetsa kusakondwa. Anasesa pabwalo, nakhoma cikhomo, namanga cingwe, nalemba uta pa dothi monga mwa muyeso wa khomo lake. Kenaka anayamba kuyala njerwa kucokera mbali zonse ziwiri, kusiya mpata wa cala pakati pa iri yonse. Zitakumana pamwamba, malo a njerwa yotsekera pakati anapezeka ocepa. Njerwa yathunthu sinalowe, ndipo theka likanasiya mpata waukulu wodzaza ndi daka lokha, pamalo pomwe kulemera konse kwa khoma kumatsamira. Pa pepala anali atawerenga njerwa bwino, koma anaiwala kuti njerwa za pa uvuni wa m'komboni sizilingana zonse.

Anakhala cete kanthawi. Agogo ake sananene kanthu. Mnyamatayo anapasula, nasankha njerwa zocepako, nayalanso, ndipo ulendo wacitatu yotsekera inalowa bwino lomwe.

"Tsopano ndisakanize, agogo?"

"Sakaniza. Ndipo mwana wako akadzafuna kuthamangira daka, udzamuuze amene anakuletsa, ndi amene analetsa iwo."

Khomolo linatha mvula yoyamba isanagwe, ndipo mkwatibwi analowera pomwepo m'mwezi wa December.